Chipinda cha ba Whyson Chosalowa Mphepo

Ba Whyson Sakala anagwira ntchito imodzi yokha kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ntchito yomata mphira m'mphepete mwa zitseko za mafiriji. Anachoka ku Katete ali mnyamata, ndipo mwayi unawagwetsera pa kampani ina ya boma imene inkalumikiza mafiriji mu Lusaka. Ena ankamanga mawaya, ena ankapaka penti, iwo chawo chinali chitseko. Akamaliza kumata ankapanikiza kapepala pakati pa chitseko ndi firiji n'kukakoka, ndipo kakatuluka mosavuta ankamatula zonse n'kuyambiranso. Kunyumba kwawo mu komboni ya George kunalibe firiji, kunalibenso magetsi, koma munthu akawafunsa ntchito yawo ankayankha kuti iwo ndi amene amaletsa mphepo kulowa kumene sinaitanidwe.

M'chaka cha 1993 makampani a boma ankaguluka limodzilimodzi ngati mano a nkhalamba, ndipo tsiku la kampani yawo linafika. Bwana wamkulu anatsegula nyumba yosungira katundu n'kuuza antchito kuti aliyense atenge chimene angathe kunyamula, poti china chowapatsa panalibe. Ochenjera anathamangira mainjini ndi mapaipi a kopa. Ba Whyson anafika mochedwa chifukwa ankamalizitsa chitseko cha firiji ina imene inalibe ngakhale injini, ndipo anapeza kwatsala mphira yokhayokha. Ananyamula mipukutu khumi ndi inayi ndi zitini ziwiri za guluu. Anzawo anawamvera chisoni, koma iwo anafika kunyumba akumwetulira n'kuuza akazi awo, ba Mainess, kuti anthu aja anasiya chinthu chenicheni.

Kuyambira mwezi umenewo banja linkadya chifukwa cha zitumbuwa zimene ba Mainess ankagulitsa pa msika wa ku Lilanda. Ba Whyson anayesa kugulitsa mphira ija, koma mphira ya firiji sitanuka, ndiye sinkathandiza kumangira katundu pa njinga kapena kupangira legeni. Inangokhala pansi pa bedi chaka chonse. Unga wa nsima unkakwera mtengo ngati ukuthawa munthu. Atayang'ana uku ndi uku anaona kuti amuna onse ochotsedwa ntchito asanduka oweta nkhuku, kuyambira amene anali makalaliki mpaka oyendetsa mabasi. Nawonso anagulitsa njinga yawo n'kugula anapiye zana limodzi, thumba la chakudya chawo ndi utuchi woyala pansi. Malo analipo. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, ndipo chachiwiricho chinali chopanda munthu kuchokera pamene mwana wawo Dingani anapita ku Livingstone kukafuna ntchito.

Unali mwezi wa Juni, mwezi umene mphepo ya m'Lusaka imalowa mpaka m'mano. Anapiye amafuna kutentha, ndipo wopanda magetsi amawafunditsa ndi mbaula. Makala ankagula kwa ba Mukupa a nyumba yoyang'anizana nayo, Mbemba wa ku Mufulira amene anasiya ntchito ya pansi pa mgodi n'kuyamba kuyendetsa makala pa wilibala.

Zoti mbaula imapha anthu ba Whyson ankazidziwa monga aliyense mu George, chifukwa nyengo yachisanu iliyonse kunkamveka maliro otere. Koma iwo anali ataiganizira bwino nkhaniyo n'kupeza kuti chimene chimapha ndi utsi, ndipo umapha munthu wogona. Choncho mbaula ankayatsira panja, ankaikupiza mpaka utsi wonse utatha makala atafiira psuu, ndiye n'kuilowetsa kwa anapiye.

Sabata yoyamba kunafa anapiye atatu. Woweta mnzawo anati ndi chisanu. Ba Whyson anatola nthenga, naiimika pafupi ndi zenera, ndipo nthengayo inagwedezeka. Mtima wawo unadumpha ndi chisangalalo chimene anali asanachimve kuchokera tsiku lotseka kampani. Anasolola mipukutu ija pansi pa bedi, anamata zenera, anamata chitseko cha panja, anamatanso chitseko cholowera kuchipinda chawo chogona, ndipo kapepala kanakana kutuluka. M'mawa mwake anapeza afa asanu ndi awiri. Anamvetsa kuti chisanu chikupezabe polowera. Anakwera pa mpando n'kutseka mipata ya pakati pa khoma ndi malata ndi masaka, matope ndi mphira pamwamba pake, kenako anathira guluu pa bowo lililonse la msomali. Kunafa makumi awiri. Mbaula nayo inayamba kuyaka mwaulesi, ndipo iwo anati ba Mukupa ayamba kuwagulitsa makala onyowa.

Pamenepo anaganiza zoti azikhala m'chipindamo masana onse kuti achigwire chimene chikuwamalizira ziweto. Anatseka chitseko, nakhala pa chitini, maso pa anapiye. Ola lisanathe mutu unayamba kugunda ngati wina akukhoma malata m'kati mwake. Kenako kunabwera mseru, ndipo poimirira miyendo inali ngati ya mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Anatuluka akugwira khoma, nakhala padzuwa, ndipo pofika madzulo anali bwino. Tsiku lachiwiri zinatero, lachitatu chimodzimodzi.

Ba Mainess anawakakamiza kupita ku kiliniki. Kumeneko mzere unali wautali, ndipo anaima panja pamphepo maola atatu. Pofika pamaso pa wachipatala mutu unali utasiya, miyendo ili gwa. Anafotokozabe zimene zimawachitikira, koma za mbaula sanatchule poti sanaone kuti zikukhudzana. Anawapatsa mapiritsi a malungo monga ankapatsira aliyense wa mutu. Anamwa, m'makutu munalira, analowa kwa anapiye, ndipo mutu unawalandira pomwe unawasiyira.

"Batate bake Dingani, nanga si mbaula ija?" anafunsa ba Mainess tsiku lina akukanda ufa wa zitumbuwa.

"Mbaula ilibe utsi," anayankha ba Whyson. "Ine nimankhala maso, na zuwa ili pamwamba. Manje inganichite chani?"

Ba Mainess sanatsutse, chifukwa nawonso sanamvepo za munthu wofa ndi mbaula masana ali chikhalire. Ba Whyson anayamba kulumikiza zinthu. Matenda amene amadikira munthu m'chipinda chimodzi, osamutsatira panja, osamva mapiritsi, si matenda a chipatala. Ndipo panali munthu mmodzi amene m'mawa uliwonse ankaimitsa wilibala pakhomo pawo n'kufunsa mwaulemu kuti nkhuku zagona bwanji. Munthu ameneyo makala ake ndi amene ankalowa m'chipindamo tsiku ndi tsiku. Dzina sanalitchule kwa wina aliyense, koma anasiya kuyankha moni wa ba Mukupa, ngakhale makala anapitiriza kugula komweko poti kwina anali odula.

Nkhaniyo anaitengera kwa ba Isaiah, mkulu wa mpingo wawo, amene m'kati mwa sabata ankasoka nsapato pansi pa mtengo pafupi ndi siteshoni ya minibasi. Ba Isaiah anali ndi mbiri yoti anathamangitsapo chinthu china m'chigayo cha ku Matero. Anamvetsera, chingwe chosokera chili pakamwa, n'kunena kuti abwera Lachinayi masana amayi a chigwirizano akaweruka pa msonkhano wawo.

Anabweradi ndi amayi asanu ndi mmodzi ovala mabulauzi oyera. Anapiye anali atatsala khumi ndi mmodzi, ndipo ba Mainess anawaika m'beseni n'kuwatulutsa pabwalo kuti alendo asawaponde. Iwo anatsala panja kuti akazingire alendowo zitumbuwa. Tsikulo kunali mitambo ndi kamphepo koluma, ndipo ba Isaiah anadandaula za maondo awo, choncho ba Whyson anabwereka mbaula yachiwiri n'kuiika pafupi ndi mapazi awo. Atalowa onse asanu ndi atatu, ba Isaiah analamula kuti zitseko zonse ziwiri zitsekedwe ndi mipiringidzo, kuopa kuti chinthucho chingathawire m'nyumba za anthu osalakwa. Ba Whyson anatseka okha. Chitseko chinagwira ndi kaphokoso kofewa kaja ka firiji yatsopano, ndipo mmodzi mwa amayiwo anayamikira kuti m'chipindamo mukufunda ngati m'nyumba za ku mayadi.

Anayamba ndi nyimbo, anthu akuomba m'manja ndi kuponda utuchi. Nyimbo yachitatu inkayenda mokoka ngati wailesi yotha mabatire. Ba Virginia, mayi wochepa thupi amene ankatsogolera nyimbo, anasiya mawu pakati, anagwira pachipumi, n'kukhala pansi pang'onopang'ono mpaka kugona chammbali. Ba Isaiah anati asamukhudze, chinthucho chayamba kudzionetsa, aimbe mwamphamvu. Anaimba mwamphamvu, akupuma mozama. Mayi wachiwiri anasanza pakona, wachitatu anatsamira khoma n'kutsetsereka. Ba Isaiah anatsegula Baibulo, anawerenga vesi limodzi, analiwerenganso, analiwerenga kachitatu, kenako anafunsa ba Whyson ngati lero ndi Lamlungu.

Ba Whyson ankaona zonsezi ngati zikuchitikira kutsidya la msewu. Mutu unkagunda monga mwa masiku onse, koma tsopano anali ndi mboni, ndipo zimenezi zinawakhazika mtima pansi. Ganizo lina linawafikira loti atsegule chitseko. Linatsatidwa ndi lina loti akatsegula kutentha konse kutuluka, makala a mbaula ziwiri n'kupita pachabe. Akadali kuyeza maganizo awiriwo anaona kuti dzanja lawo lakana kunyamuka pabondo. Analiyang'ana dzanjalo modabwa, ndipo sanaonenso china.

Zotsatira anachita kuuzidwa. Ba Mainess anati chimene chinawadzidzimutsa ndi bata. Anali atakhala mu mpingo umenewo zaka makumi awiri, ndipo sanaonepo amayi asanu ndi mmodzi a chigwirizano atakhala chete nthawi yokwana kukazinga mbale yonse ya zitumbuwa. Anagogoda, anaitana, anakankha, koma chitseko chinali cha ba Whyson. Anathamangira kwa ba Mukupa amene ankapakira makala m'mapepala pakhomo pawo. Ba Mukupa atangomva zoti muli mbaula ziwiri ndi anthu asanu ndi atatu anatenga nkhwangwa osafunsanso china. Anaswa zenera poyamba, kenako chitseko. Ku mgodi anali ataonapo anthu akugwa ndi mpweya woipa, choncho analetsa khamu limene linasonkhana kuti lisathamangire m'kati. Iwo ndi amuna ena awiri ankakoka mpweya panja, kulowa, kugwira munthu mmodzi m'khwapa, kumukokera pabwalo, n'kupuma asanalowenso.

Pabwalopo aliyense anali dokotala. Wina anati awanunkhitse anyezi, wina anati awathire madzi ozizira, ndipo mayi wina anabwera ndi mkaka umene anasungira mwana wake, poti anthu amati mkaka umapha poizoni.

"Mukaka iyayi," anatero ba Mukupa. "Muntu amene sanauke simumumwesa kantu, azatsamwa. Bagonekeni chammbali, mubamasule vovala pakhosi, imwe benangu sendelani uko bapeze mphepo."

Mayi uja anabwerera ndi mkaka wake mosadandaula. Ba Mukupa anaitanitsa mawilibala a anzawo ogulitsa makala, ndipo anapezeka asanu. Amene anali atatsitsimuka pang'ono anayenda atakolekera m'mapewa mwa anthu.

Ba Whyson anatsegula maso n'kuona mitambo ikuyenda, miyendo yawo ili m'mwamba, ndipo pamwamba pa mutu wawo pali nkhope ya ba Mukupa yozondoka, ikutuluka thukuta. Anazindikira kuti zimene ankaziopa zachitika, munthu uja wawatenga masanasana, ndipo akuuluka nawo. Chinawadabwitsa n'chakuti ulendowo unali ndi mabampu ambiri. Anafunsa ndi mawu ang'ono kumene akuwapititsa.

"Ku kiliniki, mukwai," anatero ba Mukupa mwaulemu wa Chibemba. "Imwe pumani chabe."

Anthu a mu George anaona mzere wa mawilibala asanu ukudutsa pamsika, mabulauzi oyera atada ndi fumbi la makala, ba Isaiah ali patsogolo Baibulo lili pachifuwa, ndipo ena anavula zipewa.

Pa kiliniki anawalandira sisita Norah, nesi wamtali wosakonda kubwereza mawu. Botolo la mpweya wa okosijeni linalipo limodzi, ndi chovala pamphuno chimodzi. Amayi amene anali atatsitsimuka anapempha kuti ayambe ndi akulu a mpingo, ndipo ba Isaiah sanakane. Sisita Norah anawadutsa osawayang'ana n'kukamuveka ba Virginia, amene mpaka nthawi imeneyo anali asanatsegule maso. Ena onse anawagoneka pakhonde pamene pankawomba mphepo, anawafunditsa mabulangete, n'kuwaletsa kuyenda kapena kuimba. Ambulansi ya pamalopo inali itakhala pa miyala kwa miyezi yambiri poti inalibe matayala, choncho anatuma munthu kukaimitsa galimoto iliyonse ku msewu.

Akudikira, sisita Norah anafunsa mwini nyumba. Ba Whyson anakweza chala n'kufotokoza kuti mbaula sizingakhale chifukwa, pakuti zinalibe utsi ngakhale pang'ono, ndipo palibe amene anali mtulo.

"Ba Sakala, utsi uja mumauona ndi umene umakuchenjezani," anatero sisita Norah. "Chimene chimapha sichioneka, sichinunkha, ndipo chimatuluka ngakhale makala atafiira bwino. Dzina lake ndi kaboni monokosaidi. Chikalowa m'magazi chimakhala pa mpando wa mpweya wabwino, ngati munthu wokana kutsika m'minibasi. Magazi amayenda ndithu, koma safikitsa kanthu ku mutu ndi ku mtima. Okosijeni uyu ndi kondakitala womutsitsa, ndipo amatenga maola. Wogona amafa chifukwa samva mutu kuwawa. Inu munkaumva, koma munkabwereramo."

Ba Whyson anafunsa ngati ndiye kuti anapiye aja sanafe ndi chisanu. Sisita Norah anawafunsa kuti m'chipindamo mpweya umalowera pati. Iwo anayankha kuti palibe, ngakhale pa bowo la msomali, ndipo ngakhale anali m'mavuto otere mawuwo anatuluka ndi kunyada pang'ono. Nesiyo anangopita kukaona ba Virginia.

Galimoto imene inaima inali lole ya mchenga. Inanyamula anayi amene anali ovutika kwambiri, ba Virginia, ba Isaiah, ba Whyson ndi mayi wina, pamodzi ndi botolo lija, n'kupita nawo ku chipatala chachikulu m'tauni. Kumeneko ba Whyson anawaveka chovala pamphuno chawochawo n'kuwauza kuti asachivule mpaka atauzidwa. Anakhala nacho maola asanu ndi limodzi. Pa ola lachiwiri mutu unayamba kupepuka, ndipo pa ola lachitatu anazindikira kuti mphira ya chovalacho ikutaya mpweya pafupi ndi tsaya lamanzere. Anaitana nesi n'kumufotokozera mmene angaikonzere. Nesiyo anawauza kuti agwire ndi chala, ndipo anagwira mpaka kumapeto.

Palibe amene anafa. Ba Whyson ndi ba Isaiah anatuluka m'mawa mwake, atawachenjeza kuti akaona kuiwalaiwala, chizungulire kapena kusintha khalidwe m'masabata akubwerawo abwerere msanga, chifukwa mpweya umenewu nthawi zina umasiya chilonda mu ubongo chimene chimaonekera mochedwa. Ba Virginia anakhala masiku anayi, ndipo kwa miyezi ingapo ankaiwala zinthu. Ankatha kufika pamsika osadziwa chimene wadzagula, ndipo nyimbo zimene ankatsogolera kuyambira utsikana zinkamuthawa pakati. Izi zinawapweteka ba Whyson kuposa china chilichonse. Loweruka lililonse ankapita kukamutungira madzi ndi kumuwazira nkhuni, osanena chifukwa chake, mpaka mwamuna wake anayamba kufunsa mafunso. Ba Isaiah anachitira umboni mu tchalitchi kuti pemphero linagwira ntchito, popeza anapempha kuti chobisika chionekere ndipo chinaonekeradi tsiku lomwelo. Anthu ambiri anavomereza.

Chinatsala n'kupepesa kwa ba Mukupa. Ba Whyson anadikira mpaka anapiye khumi ndi mmodzi aja atakula, poti onse anakula bwino m'khola la waya limene ba Mainess anamangitsa kuseri kwa nyumba. Anasankha tambala wamkulu, anavala jekete, n'kuwoloka kanjira. Ba Mukupa analandira tambalayo poganiza kuti ndi wothokozera za nkhwangwa ija. Ba Whyson anati ayi, wothokozera abwera padera, uyu ndi wopepesera. Ba Mukupa anafunsa kuti apepesa chiyani. Apa mpamene ba Whyson anazindikira kuti munthuyo sankadziwa n'komwe kuti ankamuganizira zoipa, ndipo za moni wosayankhidwa uja ankangoti mnzake wayamba kugontha. Kuti kupepesako kumveke anayenera kufotokoza zonse kuyambira pachiyambi, za makala onyowa, za funso la m'mawa uliwonse, mpaka za kuuluka pa wilibala. Ba Mukupa anamvetsera tambala ali m'khwapa. Atamaliza anati nkhani ya ufitiyo ailekerera, chifukwa munthu wodwala mutu amaganiza zambiri, koma zoti iwo amagulitsa makala onyowa sangazilandire, ndipo anakhala masabata awiri osawalankhula.

Atagwirizananso, ba Whyson anayamba kuperekeza wilibala ya ba Mukupa poti ntchito ina analibe. Aliyense wogula makala ankamufunsa kuti nyumba yake ili ndi mazenera angati, mbaula amaiika pati, ndipo ankamufotokozera za munthu wokana kutsika m'minibasi mpaka wogulayo kuiwala chenji. Ena ankabweza makalawo n'kunena kuti aphikira nkhuni. Patatha mwezi ba Mukupa anawapempha mwaulemu kuti aziwaperekeza Lolemba lokha.

M'chaka cha 1996 mlamu wawo anawapezera ntchito ya ulonda pa sitolo ina ya zitsulo ku Matero, ndipo anaigwira zaka zisanu ndi ziwiri, atavala majekete awiri ndi chipewa cha ubweya chimene ba Virginia anawalukira atachira. Chinali chachikulu kwambiri moti chinkafika pamphuno, poti mayiyo anaiwala kuti anayamba kale kuwerenga mizere n'kuyambiranso. Maso atayamba kuwavuta, Dingani anabwera kudzawatenga pamodzi ndi ba Mainess, ndipo anakakhala ku Livingstone, kumene ba Whyson ankadandaula za kutentha mpaka tsiku lawo lomaliza.